Mafunso ndi mayankho: mpweya, timabowo ndi kutentha kwa dzuwa kuno kwathu kwa tiyi

Mafunso ali m'munsimuwa amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira za uinjiniya, amakaniki a m'mafakitale a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, komanso anthu ena amene anamvapo kuti kunja kuli makina otenthetsa mpweya ndi dzuwa mpaka madigiri 700, n'kumadabwa kuti nanga ife tikudikiranji pomwe maboila akumeza bulugamu usana ndi usiku. Ena ndawayankha mothamanga, pa ena ndachedwapo dala.

Kodi makina amenewa ndi sola yomwe ija timaika padenga?

Ayi. Mapanelo a padenga, ngakhalenso aja anayalidwa ku Salima ndi ku Golomoti, amasandutsa kuwala kukhala magetsi pompopompo. Zomwe tikukamba pano zimakolola kutentha. Magalasi mazanamazana otchedwa heliostat amaikidwa pansi, lililonse likutembenuka kutsatira dzuwa, ndipo onse amaponya kuwala pamalo amodzi pamwamba pa nsanja. Masana kukayera, dzuwa limapereka mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi. Pansanja paja amaunjikapo kuwala kochuluka ka 500, mwinanso ka 1,000, kuposa pamenepo. Chipangizo chimene chimalandira moto wonsewo tizichitcha cholandirira.

Nanga timabowo tikubwera pati?

Nsanja zambiri zimene zikugwira ntchito lero zili ndi mapaipi achitsulo. Dzuwa limawotcha kunja kwa paipi, kutentha kumadutsa chitsulo n'kulowa m'madzi kapena mumchere wosungunuka. Khi Solar One, pafupi ndi Upington ku South Africa, imawiritsa madzi, pomwe Noor III ku Ouarzazate m'dziko la Morocco imayendetsa mchere. Mpweya uli ndi ubwino wake: ngwaulere, suundana usiku ngati mchere, suwola, ndipo umatha kufika pa kutentha kumene mchere sungapirire. Vuto lake ndi lakuti sutola kutentha msanga. Mukaupititsa m'paipi, paipiyo imapsa kunja mpweya wa mkati usanafike pomwe mukufuna.

Ndiye anthu anaganiza zochotsa paipi n'kuikapo chinthu cha timabowo tambirimbiri, kuti kuwala kulowe mkati mwake, fani ili kumbuyo ikukoka mpweya wakunja kudzera m'timabowo tomweto. Makoma a timabowo onse mukawaphatikiza, mu kiyubiki mita imodzi mumapezeka malo okwana masikweya mita mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1,000, pomwe mpweya ukukhudzana ndi chinthu chotentha. Achingerezi amati volumetric receiver.

Zilipo zamitundu itatu. Pali waya woluka wa chitsulo chopirira moto. Pali chooneka ngati chisa cha njuchi, cha timabowo toongoka ta mamilimita awiri kapena kuchepera apo. Pali china chonga thovu louma, chomwe njira zake n'zokhotakhota. Ziwiri zomalizazi kawirikawiri amaumba ndi silicon carbide, chija chimakhala pa sandipepa wakuda ndi pamiyala ina yonolera zitsulo.

Oyambitsa njirayi ankayembekezera kuti kumaso kwa cholandirira kuzikhala kozizirirapo chifukwa mpweya wozizira umayambira pomwepo, moto weniweni uzikhala mkati. Chiyembekezo chimenecho chinali ndi maziko, pakuti chinthu chotentha chimataya mphamvu mowalitsa, ndipo kutayako kumakwera mochititsa mantha: kutentha kukawirikiza kawiri pa sikelo ya Kelvin (yomwe imayamba kuwerenga pa kuzizira kotheratu), chotayika chimawirikiza ka 16. Koma pa zoyesa zambiri zapezeka kuti kuwala kochuluka kumathera m'mamilimita oyambirira, moti kumaso kumatenthabe kwambiri.

Zilipo kwina kumene zikugwiradi ntchito?

Chitsanzo chodziwika ndi nsanja ya ku Jülich m'dziko la Germany, imene inayamba kupanga magetsi cha mu 2009. Ndi yotalika mamita pafupifupi 60, ili ndi magalasi opitirira 2,000, imatenthetsa mpweya kufika madigiri pafupifupi 680, ndipo mpweyawo umawiritsa madzi oyendetsa injini ya mamegawati 1.5. Imayang'aniridwa ndi bungwe la kafukufuku la DLR. Zoyesa zina zambiri zinachitikira ku Plataforma Solar de Almería, kum'mwera kwa Spain. Onani kuti mamegawati 1.5 ndi ochepa zedi poyerekeza ndi 60 a mapanelo a ku Salima. Nsanja ya Jülich ndi yophunzirirapo, si yogulitsira magetsi mzinda wonse.

Amati mpweya wodutsa m'timabowomu "sukhazikika". Zikutanthauza chiyani kwenikweni?

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Mafuta ophikira mukawaika pamoto amapepuka n'kumathamanga m'chiwaya. Mpweya umachita zosemphana ndi zimenezo: ukatentha umananda. Pa madigiri 700 kunanda kwake kumaposa kawiri mmene kumakhalira pa madigiri 20. Kuwonjezera apo umafufuma. Kiyubiki mita imodzi ya mpweya wozizira imalemera makilogalamu 1.2, koma pa madigiri 700 imangolemera pafupifupi 0.36. Kilogalamu yomweyo tsopano ikufuna malo opitirira katatu, ndipo kuti idutse pakabowo komweko iyenera kuthamanga kupitirira katatu. Ziwirizi zikaphatikizana, kabowo kotentha kamakhala kovuta kudutsamo kusiyana ndi kozizira.

Tsono taganizirani timabowo tiwiri toyandikana, fani ikukoka tonse mofanana. Magalasi saponya kuwala mofanana ndendende, ndiye kamodzi kalandirako kochulukirapo pang'ono. Mpweya wa m'menemo watentherapo, wananda, wafufuma, ukudutsa wochepa. Koma mpweya womwewo ndi umene umaziziritsa kabowoko. Ukachepa, kabowo kakutentheratenthera, ndipo kakatenthera mpweya ukucheperachepera. Umene wakanika kulowa apa sudikira, umakhotera ku kabowo kozizira kaja komwe sukufunika n'komwe. Pamalo pomwe pakulira mpweya kwambiri ndi pamene mpweyawo ukuthawa.

Tiyerekeze ndi manambala. Mpweya ukulowa pa madigiri 25 n'kutuluka pa 700, ndiye kuti wakwera ndi 675. Ukachepa ndi gawo limodzi mwa asanu pomwe dzuwa lili chimodzimodzi, ukwera ndi pafupifupi 845, n'kutuluka cha pa 870. Ukachepa ndi theka, masamu opepukawa akukufikitsani pafupi ndi 1,375, ndipo khoma la kabowo limatentha kuposa mpweya wodutsamo. Zoona, mbali ina ya kutenthako imatayika mowalitsa n'kuchepetsako ngozi. Komabe dziwani kuti mtundu wina wa silicon carbide umene amagwiritsa ntchito uli ndi silicon wamba mkati mwake, yemwe amasungunuka pa madigiri 1,414. Waya wachitsulo ndiye safika n'komwe kumeneko.

Choipa china n'chakuti choyezera kutentha chimene chili m'paipi yaikulu kumbuyo chimangowerenga mpweya wosakanikirana. Chikhoza kumakuuzani kuti zonse zili bwino pomwe kachigawo kena kakupsa.

Mu 1996 Abraham Kribus, amene ankagwira ntchito ku Weizmann Institute ku Israel, ndi anzake anaonetsa pa masamu kuti kuwala kukapitirira mlingo wina, kukoka kumodzi kwa fani kumatha kupereka mayendedwe a mpweya osiyana: kwina wambiri koma wozizira, kwina wochepa koma wotentha koopsa. Ofufuza a ku Germany anaiyesa nkhaniyi pa zipangizo zenizeni m'zaka zotsatira.

Bwanji osangowonjezera mphamvu ya fani?

Zimathandiza pa ngozi, koma si mankhwala. Mpweya wowonjezerawo wambiri umalowera komwe n'kosavuta kale. Mpweya wotuluka umazizira, pomwe cholinga chinali kuutenthetsa. Ndipo fani imadya magetsi mopanda chisoni: mukawirikiza liwiro lake kawiri, magetsi amawirikiza pafupifupi ka 8.

N'chifukwa chiyani thovu limakhazikika kuposa chisa cha njuchi?

Chinthu cha timabowo chimakaniza mpweya m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kukhuzana ndi makoma, ndipo imayenderana ndi kunanda komanso liwiro: liwiro kawiri, kukana kawiri. Lamulo limeneli analipeza Henry Darcy mu 1856 poyesa madzi odutsa mumchenga mumzinda wa Dijon ku France. Yachiwiri ndi kukhota ndi kuwombana kwa mpweya m'njira zopindikapindika: liwiro kawiri, kukana kanayi. Imeneyi anaiwonjezera Philipp Forchheimer mu 1901. Yachiwiriyi ilibe nazo ntchito za kunanda.

M'timabowo toongoka ndi topapatiza, njira yoyamba ndiyo imalamulira. M'menemo, mongoyerekeza, mpweya ukachepa ndi theka n'kutentha kawiri, kunanda ndi kufufuma zimakweza kukana kupitirira katatu, ndiye ngakhale mpweya wachepa, kukana konse kwakwera m'malo motsika. Kabowo kamangodzitsekera kokha. M'thovu, momwe njira yachiwiri ili ndi mphamvu, mpweya ukachepa ndi theka kukana kumatsika kanayi, kufufuma n'kukweza kawiri kokha. Kukana konse kwatsika, ndiye fani imabwezeretsa mpweya pamalopo. Kusiyana kwake n'komweku.

Musafulumire kunena kuti ndiye thovu lapambana. Limafuna fani yamphamvu, ndipo timitsitsi take topyapyala timathyoka msanga. Ku Jülich anasankha chisa cha njuchi, n'kuthana ndi kusakhazikikako mwanjira ina.

Njira yake iti?

Choyamba, sapanga cholandirira chimodzi chachikulu. Amalumikiza tizigawo tambiri, kalikonse kakukula ngati chikhato chotambasula, kokhala m'kapu yakeyake. Kumbuyo kwa kapu iliyonse amaikako kabowo kopanikiza mpweya dala. Poyamba zimamveka zopusa, kuika chotchinga pomwe mukufuna mpweya udutse. Koma kabowo kameneko kamakana mpweya m'njira yachiwiri ija, ndipo kukana kwake kukaposa kwa chisacho, ndi iko kamene kamalamula kuchuluka kwa mpweya. Tizigawo tapakati, pomwe kuwala kumaunjikana, amatipatsa bowo lokulirapo, ta m'mbali locheperapo.

Chachiwiri ndi silicon carbide yemweyo. Amayendetsa kutentha bwino kuposa dothi lowotcha wamba, ndiye kachigawo kakayamba kupsa, kutenthako kumafalikira kwa timabowo toyandikana nako. Chachitatu, magalasi sawalozetsa onse pa kadontho kamodzi, amawamwaza, ndipo kamera yoona kutentha imayang'ana kumaso kwa cholandirira tsiku lonse. Mpweya wobwerera kuchokera ku boila, womwe ukadali wofunda, amaudutsitsa m'mipata ya pakati pa makapu kuti uziziritse zitsulo zogwirizira, kenako mbali ina imakokedwanso.

Mtambo ukadutsa zimatha bwanji?

Kuwala kumazima m'masekondi ochepa pomwe fani ikukokabe mpweya wozizira. Kumaso kumazizira msanga, mkati mukadali moto, ndipo mtambo ukachoka zimabwerera mwadzidzidzi. Kutambasuka ndi kufinyika kotereku kukachitika kambirimbiri, ming'alu imayamba.

Ndiye tingamange nsanja yotere ku Mulanje kapena ku Thyolo?

Maganizo anga ndi akuti ayi, ndipo zifukwa zake si za ndalama zokha.

Magalasi amaunjika kuwala kochokera ku dzuwa mwachindunji basi, kuja kopanga chithunzithunzi chakuthwa pansi. Kuwala komwazika ndi mitambo sangakuunjike ngakhale kunja kukuoneka koyera. Tsono maboma awiriwa ndi ena mwa amvula kwambiri m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 n'kukhazikika mpaka lero. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, limadzipangira mitambo yakeyake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kutikuta masiku angapo otsatizana. Mu Seputembala ndi Okutobala kumwamba kumayera, koma utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimadya kuwala kwachindunji kuja.

Chachikulu ndi ichi: masamba ambiri amathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi ya dzinja, pomwe mitambo ili pachimake. Fakitale imafuna kutentha kwambiri pa miyezi yomwe magalasi angagwire ntchito mochepa. Komanso makina oumitsira tiyi amafuna mpweya wa madigiri cha pakati pa 120 ndi 140. Kufunafuna 700 n'kudzivutitsa. Ngati wina m'Malawi muno angayese nsanja, ndingamulozere kumalo ouma ngati Chikwawa ndi Nsanje, osati m'munsi mwa phiri.

Ndiye kwa ife a m'fakitale nkhaniyi ilibe phindu?

Ili nalo, chifukwa chizolowezi cha mpweya chothawira kosavuta mumakumana nacho tsiku lililonse. Lowani m'chipinda chofotetsera masamba usiku wa mu Januwale, masamba atabwera ochuluka. Kungodya ina ayala mopyapyala moti waya wapansi akuonekera, pakati wina wakhuthula thumba lonse osamwaza. Ikani dzanja pamwamba. Popyapyala paja mphepo ikukuombani m'chikhato, timasamba tikuvina. Pamulu paja pali zii, ndipo mukalowetsa dzanja mkati mumva kufunda, masamba ena ayamba kufiira. M'mawa mwake popyapyala pafota mopitirira, pamulu sipanafote, ndipo zonse zikupita m'makina amodzi odulira.

M'makina oumitsira ndi chimodzimodzi. Tiyi wonyowa akagwirana zibuma, kapena timabowo ta mbale yapansi tikatsekeka ndi fumbi la tiyi mbali ina, mpweya wotentha umaboola njira pamalo amodzi. Kusiyana kwake ndi kwa nsanja n'kwakuti pa madigiri 130 kunanda kwa mpweya sikunasinthe kwambiri, ndiye vuto silidzikuza lokha mpaka kusungunula chitsulo. Limangowononga mtengo wa tiyi mwakachetechete. Mankhwala ake ndi a mtundu womwe uja wa ku Jülich: mbale yapansi iyenera kukana mpweya mokwanira kuti ndiyo izigawa mpweyawo, osati mulu wa tiyi uli pamwamba. Makaniki amene amakulitsa timabowo ta mbale poganiza kuti akuthandiza fani akhoza kukhala kuti akuchotsa chinthu chomwe chimagawa mpweya mofanana.

Pali chipangizo cha dzuwa cha timabowo chomwe chingagwire kuno?

Chilipo, ndipo n'chosavuta: lata lakuda lobooledwa timabowo ta milimita imodzi kapena ziwiri, tambiri koma tosapitirira magawo awiri pa 100 a latalo. Amalikhoma masentimita angapo pamwamba pa denga kapena khoma, n'kutseka m'mbali, fani n'kumakoka mpweya wa mumpatamo. Dzuwa limatenthetsa lata, ndipo mpweya wofunda umene ukanauluka umakokedwera mkati kudzera m'timabowo. Palibe galasi, palibe chotsatira dzuwa, ndipo kukakhala mitambo yopyapyala limagwirabe ngakhale mocheperapo. John Hollick wa ku Canada ndi amene anafalitsa njirayi pa dzina la SolarWall. Kuno tili kum'mwera kwa equator, ndiye lata liyang'ane kumpoto, ndipo poti dzuwa limadutsa pamwamba kwambiri, denga limaposa khoma.

Tiyerekeze sikweya mita imodzi ikulandira mawati 800, lata n'kupereka magawo 70 pa 100 kwa mpweya, omwe ndi mawati 560. Mukamakoka malita 30 a mpweya pa sekondi, mpweyawo ukwera ndi madigiri pafupifupi 17. Mukakoka wochepa utentherapo, koma zotayika zichuluka.

Kusakhazikika kuliponso, m'maonekedwe ena. Mpweya wofunda wa mumpata muja umapepuka n'kukwera. Fani ikafooka, kumunsi kwa lata mpweya ukulowa pomwe kumtunda ukutuluka pa timabowo tomweto, kutentha n'kumabwerera kunja. Mphepo yamphamvu imachitanso zomwezo. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti kukoka kwa pa lata kusachepere ma pascal 25 (pascal ndi muyeso wa mphamvu yokoka kapena kukankha mpweya).

Lingathetse nkhuni m'maboila?

Ayi, lingangochepetsako. Masamba akafota amakhalabe ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100, ndipo tiyi wouma amatsala ndi magawo atatu okha. Pa kilogalamu iliyonse ya tiyi wouma, makina oumitsira amachotsa madzi opitirira makilogalamu awiri, zomwe zimafuna mphamvu yosachepera ma megajoule 5 (megajoule ndi muyeso wa mphamvu), osawerengera zotayika. Sikweya mita ija ikagwira maola asanu a dzuwa labwino ipereka ma megajoule 10. Fakitale yoti ikupanga matani 10 patsiku ingafune lata la masikweya mita 5,000, theka la hekitala, ndipo pamenepo tawerengera mokomera lata. Ngakhale zitatero, mpweya wa madigiri 45 suumitsa tiyi, ndiponso fakitale imagwira usiku.

Ntchito yake yoyenera ndi kufunditsiratu mpweya usanafike pa mapaipi a nthunzi. Kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 130 ndi makwerero 105. Lata likakwerako 17 kapena 20, boila yapeputsidwa pafupifupi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi pa maola adzuwa. Komwe lingakwanire palokha ndi pa zinthu zofuna kutentha kofatsa, monga magawo oyamba oumitsa makademiya a ku Thyolo, kapena nanazi ndi nthochi zodulidwa.

Ndine wophunzira pa MUST ku Ndata. Ndingayese bwanji zimenezi popanda zipangizo zodula?

Yambani ndi lata loboola, nsanja isiyeni kaye. Pezani lata la mita imodzi m'lifupi ndi ziwiri m'litali, mulipake penti wakuda wosawala, muboole timabowo motalikirana mofanana, n'kulikhoma pa bokosi la matabwa lotsekedwa bwino. Mipata ya m'mbali ndiyo imanamiza ambiri, chifukwa fani imakoka mpweya wozizira pamenepo m'malo mwa pa timabowo. Ikani fani yotheka kusintha liwiro.

Poyeza kukoka, pindani kapaipi koonekera mkati ngati chilembo cha U, muthiremo madzi, mbali imodzi mulowetse m'bokosi. Ma pascal 25 ndi kusiyana kwa madzi kwa mamilimita awiri ndi theka basi, kovuta kuwerenga, ndiye mupendeketse kapaipiko pathabwa kuti madzi aziyenda mtunda wautali. Poona komwe mpweya ukupita, yatsani koyilo ya udzudzu n'kuiyendetsa pafupi ndi lata kuchokera kumunsi kupita kumtunda, nthawi yopanda mphepo. Fani ikamakoka bwino utsi umamatirira palata n'kumezedwa. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, mufika poti kumtunda utsi ukukankhidwa kuchoka palata. Lembani pomwe madzi a m'kapaipi aima pa nthawi imeneyo, ndi kutentha kwa lata kumunsi, pakati ndi kumtunda. Kenako mubwereze pa lata lina la timabowo tokulirapo, ndi linanso litaimikidwa chilili m'malo mopendekeka, chifukwa kukwera kwa mpweya wofunda kumakula bokosi likaima mowongoka.